Kafukufuku tizimuchita nthawi yanji, ife ophunzira udokotala wa ana?

Mlonda_wa_Usiku
Moni nonse pagulu pano. Ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a ukatswiri wa matenda a ana, ndipo pali nkhani ikundisowetsa mtendere. Kuti timalize, aliyense akuyenera kupereka kafukufuku wake. Zimenezo sindikutsutsa. Funso langa ndi lakuti nthawi yake ili kuti? Pa ndandanda wa ntchito pali wodi, kliniki, nazale ya makanda ndi ma call a usiku. Tsiku lolembedwa kuti la kafukufuku palibe. Ndiye kuti protocol, ndondomeko yolembedwa ya kafukufukuyo, ndiziilemba nditatuluka pa call, maso akulemera, mutu uli kwa mwana amene ndamusiya pa okosijeni. Mutu wa kafukufuku ndili nawo: makanda obadwa masiku osakwana amene timawatulutsa akadali ochepa thupi, ndi angati amabwereranso m'mwezi woyamba, ndipo chimawabweza n'chiyani. Akuluakulu onse amene ndawafotokozera akuti ndi mutu wabwino, koma palibe wakhala nane pansi kuti tione poyambira. Inu amene munadutsa njira imeneyi, munatani?

Phwiti22
Tonse tili m'madzi, a Mlonda. Ine protocol yanga ndinailemba pa tchuthi changa cha pachaka, ndipo anzanga ambiri anachita chimodzimodzi.

MkuluWaWodi
Ndiyankhe ngati mmodzi wa akuluakulu amene mukuwadandaulawo. Nthawi ndi yochepa, sindikana. Koma mwa ophunzira amene ndawayang'anira, ambiri amene analephera kumaliza anagwa chifukwa cha kukula kwa funso. Munthu amabwera akufuna kudziwa zonse zimene zimapha makanda, m'zipatala zisanu, kwa zaka khumi. Imeneyo ndi ntchito ya gulu lolipidwa, osati ya munthu mmodzi amene mawa ali pa call. Funso lanu lija nalonso labisa mafunso atatu: ndi angati amabwerera, amabwerera chifukwa chiyani, nanga amene sabwerera aja ali moyo? Sankhani limodzi.

Komanso musaganize kuti kafukufuku amafuna labotale yaikulu nthawi zonse. Tomisaku Kawasaki anali dokotala wa ana pa chipatala cha Red Cross ku Tokyo. Mu 1961 anaona mnyamata wa zaka 4 wotentha thupi masiku ambiri, maso ofiira, milomo yong'aluka, khungu la zala likusupuka. Dzina la matendawo sanalidziwe, koma analemba zonse mwadongosolo, n'kuyamba kusunga mbiri ya mwana aliyense wobwera ndi zizindikiro zomwezo. Mu 1967 anasindikiza za ana 50. Lero nonsenu mumafunsidwa za matenda amenewo, otchedwa dzina lake, pa mayeso. Zida zake zinali maso ndi cholembera.

Nyenyezi_Reg
Ulemu wanu a Mkulu, koma taonani zakazo. 1961 mpaka 1967, zaka 6, munthu ali pa chipatala chimodzi. Ife miyezi ingapo tili ku nazale, kenako atisamutsira ku wodi ya khansa, kenako ku chipatala china. Ana amene wayamba kuwatsata umawasiya m'manja mwa mnzako amene sakudziwa n'komwe kuti pali fomu yoti adzaze.

MkuluWaWodi
Pamenepo mwanena zoona. Kusinthasintha malo kumapha kafukufuku wotsata odwala. N'chifukwa chake ndimalangiza ophunzira kusankha funso loti lithe m'kati mwa rotation imodzi, asanasamutsidwire kwina.

Mai_a_Mapasa
Mundikhululukire, koma mawu akuti "uzichita madzulo ukaweruka" amandipweteka kwambiri. Amalankhulidwa ngati madzulo a anthu onse ndi ofanana. Ine ndikaweruka ndimakapeza ana awiri oyamwa akundidikira, ndipo usiku umene sindili pa call ndi umene ndimakhala mayi. Mnzanga amene alibe udindo umenewu akatsegula laputopu yake madzulo, chaka chikamatha ali ndi mapepala awiri, akuluakulu n'kumati uyu ndiye wakhama. Sindikumuchitira nsanje, akugwiradi ntchito. Koma ngati kafukufuku achitika pa nthawi ya munthu mwini yokhayokha, ndiye kuti tasankhiratu amene adzakhale ofufuza a mawa, ndipo amayi ambiri sitidzakhalamo. Chonsecho mu ukatswiri wa ana akazi tilipo ochuluka.

Phwiti22
Izi ndiye zoona zenizeni, mayi. Onjezanipo amene akusamala makolo odwala, ndi amene amagwira maganyu a locum, ogwirizira ntchito m'zipatala zina, kuti alipire sukulu.

Kamtsitsi
Ine langa ndi lina. Nthawi ndinaipeza, ndinaisaka ndekha. Mkulu wina anandiuza kuti ndilowe nawo mu kafukufuku wake wa matenda a chibayo. Ndinapempha chilolezo kwa makolo, ndinadzaza mafomu, ndinkanyamula timabotolo ta magazi kupita ku labotale pakati pa usiku kuti tisawonongeke. Pepala litatuluka, dzina langa linali kumapeto, pa mzere wothokoza, limodzi ndi woyendetsa galimoto. Pamwamba panali mayina a anthu amene sanapondepo mu wodi imeneyo. Kuchokera pamenepo mtima wa kafukufuku unandichoka. Ana asukulu akandifunsa ndimawauza kuti asamale.

Chiwerengero_R
Pepani a Kamtsitsi, anakulakwirani. Ine si dokotala, ntchito yanga ndi ya ziwerengero, koma nkhani ngati yanuyi ndimaimva kawirikawiri. Mfundo za ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, zimene magazini ambiri otere amatsatira, zimati wolembedwa dzina pa pepala akwaniritse zinthu zinayi: athandize mokwanira pa kukonza kafukufukuyo kapena kutolera, kusanthula ngakhale kumasulira data, alembe nawo kapena kuwunika zolembedwazo mozama, avomereze zotumizidwazo, ndipo alole kuyankha pa ntchitoyo. Ena amabisala kuseri kwa mfundo yachiwiri, amati iwe sunalembe nawo. Koma mfundo zomwezo zimanenanso kuti amene wakwaniritsa yoyamba apatsidwe mwayi wochita nawo zotsalazo. Kumubisira munthu draft kenako n'kumati sanalembe ndi chinyengo.

Malangizo anga: musanadzaze fomu yoyamba, funsani kuti dzina langa likhala pati, ndipo yankho libwere pa imelo.

Nyenyezi_Reg
Kufunsa zimenezo kwa munthu amene adzasainire fomu yako yomalizira maphunziro? Ndani angalimbe mtima?

Chiwerengero_R
N'chifukwa chake dipatimenti ndiyo iyenera kukhala ndi fomu ya mgwirizano yoti onse asaine pachiyambi. Likakhala lamulo la onse, wophunzira safunikanso kulimba mtima.

NamwinoWaNazale
Madokotala athu, mundilole ndilowererepo. Kafukufuku wanu wambiri ndi wowerenga mafayilo akale, ndipo mukafika mumadabwa kuti mulibe kanthu. Tsegulani fayilo ya khanda lililonse. Kulemera kwa tsiku lobadwa kulipo. Kulemera kwa tsiku lotuluka nthawi zambiri kulibe, chifukwa sikelo inali ku wodi ina ndipo mayi anali atamanga kale katundu. Pepala la kutentha kwa thupi lathothoka. Tchati cha mkaka chalembedwa mpaka masana, usiku palibe, poti namwino mmodzi amayang'anira makanda ambirimbiri. Pa mzere wa masabata a mimba pangolembedwa "preterm", basi. Kufuna kupeza mayankho mu fayilo yotere kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Chimandiwawa n'chakuti simutifunsa. Mukanabwera musanalembe protocol, tikanakuuzani kuti ichi timalemba tsiku lililonse, ichi sitilemba. Timangoona munthu watulukira ndi mafomu 200, akuti asisi muzindidzazira. Sitidziwa kuti akufufuza chiyani, ndipo zotsatira zake sitimvanso.

Mlonda_wa_Usiku
Zikomo mayi. Kulemera kwa tsiku lotuluka ndi kumene kafukufuku wanga wadalira, ndiye mwandichenjeza pa nthawi yake.

Gogoda
Vuto ndi mapepala. Tikanakhala ndi mafayilo a pa kompyuta zonsezi bwenzi kulibe.

NamwinoWaNazale
Kompyuta siyeza mwana, bambo. Sikelo ikasowa, bokosilo likhalabe lopanda kanthu.

Gogoda
Koma imakukaniza kutseka fayilo bokosi lisanadzazidwe.

Chiwerengero_R
Ndiye anthu amangolembamo nambala iliyonse kuti adutse, ine n'kupeza makanda khumi olemera 1.0 kg ndendende. Bola bokosi lopanda kanthu, ndimadziwa kuti ndi losowa. Poti tafika pa kompyuta: kutolera data gwiritsani REDCap ngati sukulu yanu ili nayo, apo ayi KoboToolbox kapena Epi Info. Excel imasintha masiku obadwa mwakachetechete, ndipo munthu mmodzi amalemba M wina male wina mwamuna pa mzere umodzi.

Phwiti22
Nanga posanthula, tigwiritse pulogalamu ya Stata kapena ya R? Kwathu amakakamiza Stata koma layisensi palibe.

Chiwerengero_R
R ndi yaulere, koma miyezi yoyamba imavuta. Kaya musankha iti, chachikulu n'choti mubwere kwa ife musanayambe kutolera. Ambiri amafika ntchito itatha, ali ndi ana 40, akufuna ndiwapezere kusiyana kumene kumafuna ana mazana angapo. Pamenepo palibe pulogalamu ingakuthandizeni. Ola limodzi pachiyambi likanapulumutsa chaka chathunthu.

Mai_a_Mapasa
Ola limenelo tilipeze kuti, pamene pa sukulu yonse muli awiri ndipo ophunzira a PhD ali kale pa mzere? Ziwerengero tinaphunzira masabata ochepa m'chaka chachitatu cha digiri yoyamba. Kuchokera apo palibe watiphunzitsanso, koma akufuna tilembe za sample size, kuchuluka kwa ana ofunika mu kafukufuku.

KholoChabe
Ine si wachipatala, ndimangowerenga pagulu pano chifukwa mwana wanga anagonapo nthawi yaitali m'chipatala. Mukukamba za nthawi, mayina pa pepala ndi makompyuta, koma za ife makolo palibe wanenapo. Usiku wina mwana wanga akupuma movutika, kunabwera dokotala wachinyamata ndi fomu ya masamba angapo, akuti pali kafukufuku, ndisaine. Manja anga ankanjenjemera, sindinathe kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Ndinakana, ndipo usiku wonse ndinali ndi mantha kuti mwina samusamala bwino poti ndakana. Ndifunse mosabisa: n'chifukwa chiyani mukufuna kuphunzirira pa ana? Bwanji osayesa pa akuluakulu amene angadziyankhire okha, kenako n'kuchepetsa mlingo?

MkuluWaWodi
Bambo, zikomo polankhula, ndipo munali ndi ufulu wonse wokana. Chikalata cha Helsinki, cha malamulo a kafukufuku wochitika pa anthu, chimene chinayamba mu 1964, chimanena poyera kuti kukana kusasokoneze chisamaliro cha wodwala. Dokotala ameneyo anayenera kukuuzani zimenezo asanatulutse fomu.

Funso lanu ndi loyenera, ndiye ndiliyankhe mokwanira. Kuchepetsa mlingo wa akuluakulu ndi zimene zinkachitika kale, ndipo ana anafa nazo. Cha m'ma 1959 madokotala anazindikira kuti makanda amene ankapatsidwa chloramphenicol ankatuwa thupi, kufooka, n'kumwalira. Chiwindi cha khanda sichinakhwime moti n'kuchotsa mankhwalawo m'magazi monga chimachitira cha munthu wamkulu, ndiye ankangounjikana. Mu 1968 Harry Shirkey analemba kuti ana asanduka amasiye pa nkhani ya mankhwala, chifukwa mankhwala ambiri ankatuluka asanayesedwe pa iwo. Patapita zaka zambiri ndi pamene America mu 2003 ndi mayiko a European Union mu 2007 anakhazikitsa malamulo okakamiza makampani kufufuzanso mankhwala awo pa ana.

Chitsanzo chimene chinandisintha ine ndi FEAST, kafukufuku wa ku Uganda, Kenya ndi Tanzania amene anatuluka mu 2011. Tonse tinaphunzitsidwa kuti mwana wotentha thupi amene magazi ake sakuyenda bwino umuthire madzi ambiri mwachangu pa diripi. Palibe ankakayika. Atayesa pa ana opitirira 3,000, anapeza kuti mwa amene anathiridwa madzi mwachanguwo, 10 kapena 11 pa 100 aliwonse anamwalira m'maola 48, pamene mwa amene sanathiridwe anamwalira 7. Tinkachita zimenezo ndi mtima wabwino, tsiku ndi tsiku. Popanda makolo amene analola, bwenzi tikuchitabe. Chaka cha 2010 nachonso, kafukufuku wa AQUAMAT pa ana 5,425 anaonetsa kuti mankhwala a artesunate amapulumutsa ana ambiri odwala malungo aakulu kuposa kwinini.

KholoChabe
Ndamva a dokotala. Akanandifotokozera choncho m'mawa, mwana atapezako bwino, mwina ndikanavomera. Koma osati usiku ule.

Nyenyezi_Reg
Apa mwakhudza chinthu chimene chimatibweza ambiri. Kupempha chilolezo kwa kholo limene likulira ndi luso, ndipo palibe amatiphunzitsa. Timachita kosi ya GCP, ya kachitidwe koyenera ka kafukufuku pa odwala, pa intaneti, kupeza satifiketi, basi akuti wakonzeka. Sindinaonepo mkulu akupempha chilolezo ine ndikuonerera, monga amachitira pophunzitsa kutenga madzi a pamsana. FEAST yomweyo inagwiritsa njira yoti kholo livomere pakamwa mwachidule pa nthawi ya ngozi, chilolezo chonse cholemba n'kubwera mwana atakhazikika. Ndiye njira zilipo, koma wophunzira ali yekha usiku sangazitulukire.

Palinso mwana mwiniwake. Wa zaka 12 amamva zonse, ndipo uyenera kumufunsa iyenso. Akakana kubayidwa pamene mayi ake avomera, iwe umayenera kumumvera. Kuwonjezera apo, khanda la kilogalamu imodzi lili ndi magazi pafupifupi 90 ml m'thupi lonse, ndiye komiti ya ethics, yovomereza kafukufuku, ikamafunsa za dontho lililonse sikuti ikungovuta.

Kamtsitsi
Kufunsa afunse, koma achite msanga. Mnzanga anadikira yankho la komiti mpaka rotation yake ya ku nazale inatha. Kafukufuku wongowerenga mafayilo akale, wosakhudza mwana aliyense, amaima pa mzere umodzi ndi woyesa mankhwala atsopano.

Chiwerengero_R
Makomiti ambiri ali ndi njira yachangu ya kafukufuku wa chiopsezo chochepa, koma uyenera kuipempha pa fomu. Ophunzira ambiri sadziwa kuti ilipo. Ndipo kuchedwa kwina kumachokera ku protocol yobwezedwa chifukwa woyang'anira anasaina asanaiwerenge.

Mlonda_wa_Usiku
Nanga ndalama? Komiti imafuna malipiro, mafomu amafuna kusindikiza, kuimbira makolo foni kumafuna mayunitsi. Zonsezi zikuchoka m'thumba mwanga. Ndikamaliza, magazini ambiri akufuna ndalama zosindikizira zoposa malipiro anga a mwezi.

Gogoda
Pa kuwerenga, funsani ku laibulale ngati muli pa Hinari, njira ija yowerengera magazini a zachipatala ulere kapena motchipa imene WHO inayambitsa mu 2002. Pa kusindikiza, magazini ambiri amachotsa kapena kuchepetsa malipiro kwa olemba a m'mayiko osauka, koma upemphe potumiza, osati atalandira kale. Chenjerani ndi aja amakutumizirani imelo yokutamandani n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi. Amenewo akufuna ndalama zanu basi, ndipo pepala likalowa kumeneko lafera komweko.

Mai_a_Mapasa
Tibwerere pa nthawi, chifukwa zina zonsezi munthu angazithetse ngati ali ndi masana oti akhale pansi. Ku UK kuli ma Academic Clinical Fellowship a NIHR, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo, kumene wophunzira amakhala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yake lopatulidwira kafukufuku, lolembedwa mu kontirakiti. Sindikunena kuti aliyense apatsidwe zochuluka choncho. Ndikupempha theka la tsiku pa sabata, masana, foni ya wodi ili m'manja mwa wina. Ngati sukulu ikuti kafukufuku ndi mbali ya maphunziro, imuike pa ndandanda monga imaikira kliniki. Ngati singathe, ichotse lamulolo. Kufuna zonse ziwiri ndi kumene kukutipatsa madisetesheni olembedwa mothamanga mwezi womaliza, amene palibe amawawerenganso.

MkuluWaWodi
Mayi, malo a NIHR amenewo ndi ochepa ndipo anthu amawalimbirana. Ophunzira ambiri kumeneko nawonso akudandaula ngati inu. Koma pa mfundo yanu sindikutsutsani. Funso limene ndimakumana nalo ine ndi ili: inu mukakhala ku laibulale Lachitatu masana, ana a mu wodi awaona ndani? Ndikachotsa munthu mmodzi, mnzake asenza mabedi onse. Tinayesapo, ndipo dongosololo linkasokonekera tsiku limene wina wadwala kapena wodi yadzaza. Kuchotsa lamulo ndiye ayi. Dokotala wa ana amene sanayambe wafunsapo funso n'kulitsata mpaka kumapeto amavutika kuweruza pepala limene wogulitsa mankhwala wamubweretsera.

Phwiti22
Ndiye bwanji tileke zoti aliyense akhale ndi kakafukufuku kakekake? Ophunzira opaleshoni ku UK anayamba magulu awoawo, protocol imodzi, zipatala zambiri, aliyense kutolera kwa masabata ochepa pamene ali, mayina onse n'kulembedwa pansi pa dzina la gulu. Gulu la opaleshoni la GlobalSurg linachita zomwezo m'mayiko ambiri. Ife tikanatenga funso la a Mlonda, wolowa ku nazale aliyense n'kulandira fomu kwa wotuluka, vuto la kusamutsidwa lija latha. Chilolezo cha ethics chimodzi, wa ziwerengero kumuvutitsa kamodzi.

Kamtsitsi
Ndipo woyamba pa mayina akhala ndani? Ine ndinapsa kale.

Phwiti22
Tigwirizane tisanayambe, polemba, monga anenera a Chiwerengero. Ndipo anamwino amene aziyeza anawo alowe nawo m'gululo.

Nyenyezi_Reg
Vuto ndi sukulu. Malamulo ake amati disetesheni ikhale ntchito ya munthu mmodzi. Angavomere anthu asanu kuchokera mu data imodzi?

MkuluWaWodi
Angavomere ngati aliyense ali ndi funso lake ndipo wasanthula yekha. Wina atenge za kulemera, wina za kutentha kwa thupi, wina za kuyamwitsa, wina za amene sanabwerere. Zimenezo ndingaziteteze pa msonkhano wa dipatimenti. Za theka la tsiku zija sindilonjeza, koma mukandibweretsera ndandanda woonetsa amene agwirire mnzake sabata iliyonse, wopanda mpata, ndikaupereka. Ukhale wolembedwa ndi inu, chifukwa ndi inu mukudziwa masiku amene wodi imapepukirako.

NamwinoWaNazale
Mukamapanga fomuyo ikhale ya tsamba limodzi, ndipo muisiye pamene pali sikelo, osati mu ofesi. Nambala za foni muzitenga ziwiri, ya mayi ndi ya wachibale wina, chifukwa imodzi yokha nthawi zambiri simupezeka munthu pakatha mwezi. Muziyesa kuimba mayiyo asanatuluke pakhomo.

Mai_a_Mapasa
Ndandandawo ndiyamba ine usiku uno. Amene muli m'chaka chachiwiri ndi chachitatu nditumizireni masiku anu a kliniki ndi ma call a mwezi wamawa. A Phwiti, inu Lachinayi masana mumakhala kuti?

Phwiti22
Kliniki ya mtima imatha cha m'ma 1 koloko. Ndilembeni kuti ndigwirira wodi Lachinayi, inu mudzandigwirire Lolemba.